Tsiku Limene Anandiwambira Ng'oma

Ng'oma za bandi si katundu woti munthu aziyenda naye pamsewu wa ku Lusaka nthawi ya dzinja. Zimenezo ndinkazidziwa bwino, koma Chanda anali atanenetsa pa foni kuti ndipite ndi ng'oma zangazanga. Chandayo ndiye anali mwini gulu lina loimba nyimbo zachizungu za roko ku Lusaka. Woliza ng'oma wawo anali atawathawa n'kunyamula zida zake zonse, chikhalirecho iwo anali atagwirizana kale ndi mwini malo ena achisangalalo kuti aziimba kumeneko Lachisanu lililonse. Ankafuna munthu wa manja, wokhalanso ndi zida zake, ndipo anaitana oliza ng'oma kuti akawayese Lachitatu masana. Ine anandiona pa kavidiyo kamene mnzanga anajambula ndikuliza ng'oma pa ukwati wina ku Petauke.

Roko ndinaidziwira kwa amalume anga a ku Nyampande, amene anabwerako ku Migodi ndi chifuwa chosatha ndi chikwama cha makaseti, basi. Ku Petauke palibe amene angakulipire chifukwa cha roko. Kutchalitchi ankandiuza kuti ndichepetse mphamvu, kuukwati ankafuna zovinitsa apongozi. Zikopa zenizeni za ng'oma zanga zinang'ambika kalekale, ndiye ndinkakunga masaka a feteleza m'malo mwake. Chanda anaziona zimenezo pa kavidiyo kaja.

"Mudala, manja muli nayo," anatero. "Koma vija vimasaka vanu musabwele navo kuno. Iyi ni roko, si kalindula."

Ndinagulitsa njinga yanga ndi nkhumba ya mkazi wanga Esinati, n'kuitanitsa zikopa zatsopano zapulasitiki, zoyera mbee. Esinati sanakangane nane. Anangondiyang'ana ndikuzimanga, n'kundiitana ndi dzina la mwana wathu, nati, "Awisi Dalitso, nkhumba ija yenze ya feteleza. Mukabwelako chabechabe, kumunda kuliye chotuluka chaka chino."

Lolemba madzulo ndinamasula pang'ono zomangira zonse kuti zikopa zikhale zolobodoka. Ng'oma yokungika ikapanikizidwa ndi katundu wina panjira imaphulika, choncho aliyense wodziwa ntchitoyi amayamba waifewetsa asanaikweze pagalimoto. Ndinakulunga iliyonse m'bulangete. Mabulangete a m'nyumba anathera pomwepo, ana anagona ndi zitenje.

Lachiwiri m'mawa pa siteshoni ya Petauke anyamata oitanira mabasi anandilandira ndi chipongwe. Wina anakuwa kuti, "Abusa, tchalitchi yonse mwasamutsa?" Kondakitala wa basi yaikulu anazungulira katundu wanga, n'kugunda ng'oma yaikulu ndi nsapato ngati akuyesa tayala, kenako anatchula mtengo woposa wa mipando itatu. Ndinamuchonderera mpaka basi inaliza hutala n'kunyamuka ndili chiimire. Pamapeto ndinapeza kalole kotsegula kumbuyo, kaja timakatcha kanta, ka a Njobvu, kamene kankapita ku Lusaka ndi matumba a mtedza. A Njobvu anandiuza mtengo wa munthu mmodzi ndi theka.

"Manje-manje tinyamuka," anatero.

Manje-manje wa a Njobvu anatha mmawa wonse. Tinazungulira boma kutenga matumba ena, tinabwerera chifukwa wina anaiwala nkhuku, tinaima pothira mafuta kudikira kuti magetsi ayake. Pofika pamphambano yolowera msewu waukulu dzuwa linali pamutu, ndipo ine ndinali nditakhala pathumba la mtedza, miyendo itakumbatira sineya, kang'oma kaja kamene kamalira ngati mfuti. Mu roko, sineya ndiye mwini nyimbo. Zina zonse zikhoza kudwala, koma iyo ikafa, gule wafa.

Tinadutsa pa Minga popanda choti n'kusimba, kupatula maenje amene a Njobvu ankawalowa onse ngati anawalonjeza. Pa Nyimba tinaima kuti tikweze nthochi. A Njobvu anatsika n'kulowa kuseri kwa magolosale, ati kukamwa madzi, ndipo sitinawaonenso mpaka mthunzi wa kanta unasuntha. Tinawadikira tikupsa, azimayi ogulitsa nthochi akutizungulira ndi mabeseni pamutu. Pamenepo ndi pamene anakwera amai Sakala a ku Nyalugwe, eni ake a mikoko ya nthochi ija. Anali mai wamkulu thupi, wa mawu okhuthala, ndipo anakhala moyandikana nane n'kuyamba kufunsa asanapume n'komwe.

"Nichinji ichi mwafungatila monga mwana?"

Ndinawauza kuti ndi ng'oma, ndipo ndikupita nazo ku Lusaka kukayesedwa ntchito.

"Ng'oma nazo ni nchito?" anadabwa. "Ine naliza ng'oma ku chinamwali kuyambila nili mtsikana, palibe ananilembapo nchito. Onani manja aya."

Anatambasula zikhatho zolimba ngati za mlimi wa thonje. Tinacheza bwino, ndisaname. Anandiimbira pansipansi kamayendedwe ka ng'oma ya kwawo akumenya pabondo, ine ndinawayankha pabondo langa, ndipo anthu ena anayamba kuomba m'manja. Anandipatsa nthochi ziwiri n'kuyamba kunditchula kuti mwana wawo. Kuyambira m'mawa, aka kanali koyamba kuti munthu aone ng'oma zanga osaseka.

Tikutuluka mu Nyimba kumwamba kunali kutada kale. Mvula inatipeza titangoyamba mapiri, ndipo sinayambe ndi kuwaza, inangokhuthuka. Tenti ya a Njobvu inali yaifupi ndiponso yobooka, ndipo inafunditsidwa mtedza, poti mtedza ndiwo unalipira zambiri. Ine ndinagona chafufumimba pang'oma zanga, madzi akulowa m'khosi n'kutulukira m'miyendo ya buluku. Mabulangete ananyowa n'kulemera. Ndinatukwana mvula, ndinatukwana a Njobvu, ndinatukwananso amalume anga m'manda mwawo chifukwa cha makaseti aja.

Pachitunda china chachitali, tisanafike ku Kacholola, kanta inatsokomola kawiri n'kuzima. Inayamba kubwerera chammbuyo, azimayi akukuwa, mpaka amuna awiri anadumpha n'kuponya miyala kumatayala. Tinathyola nthambi n'kuziyala pamsewu kuti magalimoto ena adziwe. A Njobvu analowetsa mutu mu injini nthawi yaitali, n'kutulutsa kachitsulo kena kothyoka.

"Aka chabe," anatero, ngati kuchepa kwake n'kotonthoza. Anaimitsa lole yopita kummawa n'kubwerera ku Nyimba kukasaka kena.

Mvula itakata tinatsitsa katundu wonyowa. Pambali pa msewu panali chisakasa cha anthu ogulitsa makala, ndipo iwo anatikolezera moto waukulu kuti tiume. Ndinavula ng'oma mabulangete, n'kuziika m'chisakasamo, mabulangetewo ndinayanika pazitsamba. Zinali zonyowa koma zonse zinali zamoyo. Pulasitiki saopa madzi, umangopukuta.

Chimene chinkandidya chinali Chanda. Ndinafuna kumuuza kuti ndili panjira, asapereke malo kwa wina, koma foni inalibe netiweki. Wamakala wina anandilozera phiri la kutsidya kwa msewu, ati pamwamba pake pali mtengo umene anthu amaimbirapo foni.

"Amai, muniyang'anileko katundu wanga," ndinatero kwa amai Sakala.

"Pitani, mwana wangu. Ng'oma nizidziwa ine."

Mawu amenewo ndinawamva ngati chitonthozo. Tsoka silinunkha.

Phirilo linali lalitali kuposa mmene linkaonekera, loterera, lodzaza ndi zitsa za mitengo yootchedwa makala. Pamtengo paja ndinapeza anthu ena awiri atakweza mafoni m'mwamba ngati akupempha mvula ina. Chanda anayankha nditayesa kambirimbiri, mawu ake akudukaduka.

"Muli kuti? Nyimba? Ah, mudala, mukali kutali. Mailo masana ngati simunafike, ise tipitiliza. Kuli mwaiche wina wa kuno, ng'oma ali nazo zanyuwani."

Ndinamulonjeza kuti ndifika ngakhale chokwawa. Ndinatsika phirilo mtima uli m'malo pang'ono, poti malo anali asanaperekedwe.

Fungo ndinalimva ndisanaoloke msewu. Linali fungo la mapepala apulasitiki akamapsa kudzala, ndipo ndinaganiza kuti wina wataya zinyalala pamoto. Nditazungulira kanta ndinaona ng'oma zanga zitandandalikidwa mozungulira makala, zitapendekeka pamiyala, nkhope zitaloza kumoto, ndendende mmene timaikira ng'oma zachikopa kumudzi gule asanayambe. Amai Sakala anali chogwada, sineya ili m'manja, akuitembenuza pamwamba pa makala.

Ndinathamanga, koma panalibenso chothamangira. Chikopa cha sineya chinali chitakwinyika, chitachita bulauni, pakati patabooka dzenje lolowa chibakera, m'mbali mukudontha. Ng'oma ziwiri zapakati zinatupa matuza n'kulendewera. Yaikulu yokha, yopondedwa ndi phazi, ndiyo inapulumuka chifukwa inawalemera kuinyamula.

"Nati nikuthandizeni," anatero amai aja, akundiyang'ana m'maso. "Nagogoda zonse, zenze zafa na mvula, zosalila olo pang'ono. Lomba naziwamba, koma m'malo mokungika zilefuka. Nasendeza pafupi, zilefukilatu. Nichikumba cha nyama yanji ichi, chosamvela moto?"

Zinali zosalira chifukwa ndinazimasula ndekha ku Petauke. Iwo anachita chimene woliza ng'oma aliyense wa kwathu akanachita: ng'oma yanyowa, yafooka, iwambe.

"Nipulasitiki!" ndinakuwa. "Nipulasitiki, amai! Nindani anakutumani? Nenze nakamba kuti muyang'anile, osati muphike!"

Mawu anga anamveka mpaka kumsewu. Bambo wina wa nkhuku anandigwira paphewa.

"Iwe, niakulu awa. Sakamba nawo telo."

Ndinamuchotsa dzanja. Ndinkafuna kumenya munthu, koma panalibe woti ndimumenye. Akanakhala wakuba ndikanadziwa chochita. Apa panali mai amene anasiya nthochi zake pamatope n'kugwada pautsi chifukwa cha ine. Ndinakhala pansi pathope pomwepo, sineya ili pamiyendo, ndipo ndinalira pamaso pa anthu onsewo, ine bambo wa ana awiri.

Amai Sakala sanadziteteze. Anamasula chitenje chapamwamba n'kufunditsa ng'oma ziwiri zija. Atayankhula, mawu aja okhuthala anali atachepa.

"Kwathu nili na chikumba cha mbuzi chabwino, chouma kale. Kuti tenze pafupi, sembe nakukungilani lelo lomwe."

Ndikanawauza bwanji kuti kumene ndikupita chikopa cha mbuzi ndi chinthu chosekedwa?

Madzulo amenewo magalimoto ambiri opita kummawa anatidutsa, ena akuchepetsa liwiro kufunsa ngati pali wobwerera. Kawiri konse ndinaimirira. Koma ndikaganiza zotsika pa siteshoni ya Petauke, anyamata aja akundiona, kenako n'kukalowa m'nyumba Esinati ali pakhomo, ndinkakhalanso pansi. A Njobvu anabwera dzuwa likulowa ndi kachitsulo kolakwika, anakakhoma ndi mwala mpaka kanalowa, koma anati magetsi a kanta ndi ofooka, mapiri amenewo sangawayende mumdima. Tinagona pomwepo, pamatumba onyowa.

Kutacha tinanyamuka mwakachetechete. Pa Kacholola sitinaime. Pa mlatho wa Luangwa, pamene anzanga ankagula nsomba zouma ndi madengu, ine ndinapempha a Njobvu tepi yakuda yomangira mawaya. Ndinadula chidutswa cha chigubu, n'kuchimata pa dzenje la sineya. Amai Sakala anabwera osaitanidwa, anagwira ng'omayo mwamphamvu kuti isasunthe, ine ndikumata. Nditaigogoda inalira ngati katoni yonyowa, ndipo tonse awiri tinamva, poti tonse tinali ndi makutu a ntchitoyo.

Rufunsa ndi Chongwe ndinangoziona ngati zikwangwani. Tinalowa mu Lusaka dzuwa litapendeka kale. Pamsika pamene tinatsikira, amai Sakala anandikankhira phava lonse la nthochi m'manja.

"Mukadye, mwana wangu. Munikhululukile."

Ndinati zachitika, zachitika. Kukhululuka kwenikweni kunali kusanafike, koma nthochizo ndinalandira chifukwa njala inali itandigwira. Ndinakweza ng'oma pa wilibala ya ganyu. Panjira tinadutsa sitolo ya zoimbira, ndinalowa kufunsa mtengo wa chikopa chimodzi chokha cha sineya, ndipo ndinatuluka msanga kuposa mmene ndinalowera.

Gulu la Chanda linkayeserera m'galaja ya nyumba ina. Ndinapeza mnyamata uja wa mu Lusaka, dzina lake Kelvin, atayala kale ng'oma zake zofiira, zonyezimira, zimene bambo ake anamubweretsera pagalimoto. Chanda anali wamfupi kuposa mawu ake. Anandigwira chanza, n'kuyang'ana wilibala pamene ndinkachotsa mabulangete.

"Mudala, ivi nivichani? Munapsa nyumba?"

Ndinafotokoza. Woimba gitala anaseka mpaka anakhala pansi, akubwereza kuti, "Anaziwamba! Ati anaziwamba!" Chanda sanaseke. Anati ndiyale zimene ndili nazo. Tinayamba nyimbo, ndipo tisanafike pakati chigamba chija chinadumpha n'kukagwera pamapazi pake.

Kelvin anali mwana waulemu, zimenezo sindingamulande. Anaimirira n'kundipatsa mpando wake. Ng'oma zake zinali zomangidwa mwachisawawa, ina yothina mbali imodzi, ina yolobodoka, ndiye ndinatulutsa kiyi wanga womangira ng'oma n'kuzikonza msangamsanga. Kenako ndinaliza. Ndinaliza mvula ija, phiri lija, fungo lija, zonse zinatulukira m'manja. Sindinalizepo chotero m'moyo wanga. Titamaliza, wagitala uja sankasekanso.

Chanda ananditengera panja.

"Mudala, simufunika kuuziwa. Mumenya kuchila uja, aliyense wamvela. Koma ine pa Chisanu nifuna ng'oma pa siteji, osati nkhani. Nakamba na atate ake Kelvin kuti mwina muzilizako ndimwe. Akana. Ati anagulila mwana wawo, osati bandi."

Ndinafunsa ngati angandibwereke zikopa, ndidzabweze ndikayamba kulandira. Anapukusa mutu, ati gulu lenilenilo likuyendera ngongole ya zokuzira mawu.

"Chamene ningakuchitileni ni ichi," anapitiriza. "Mwaiche uja sadziwa kumanga ng'oma, mwaona mweka. Muzimunyamulila, muzimumangila, muzimuonetsako. Chakudya chilipo, mugona muno mu galaja. Mukapeza vikumba vanu, tizaona."

Ndinayang'ana wilibala, mwini wake akudikirabe kuti amve ngati tibwerera kumsika. Ndinavomera. Kwa Esinati ndinatumiza uthenga waufupi wakuti ndafika bwino ndipo ndili m'bandi. Bodza munalibe.

Lachisanu ndinanyamula ng'oma zofiira zija pamutu ndi paphewa, kuchokera pagalimoto mpaka pa siteji. Ndinaziyala, ndinapukuta mbale zake zamkuwa zoliza, ndinamanga sineya pang'onopang'ono, mbali ndi mbali, mpaka inalira mouma, mmene yanga inkalirira tsiku limene ndinaimanga zikopa zatsopano. Kelvin anakhala pampando, ine ndinakaima kukhoma pafupi ndi khomo la kukhitchini. Anayamba kuimba dzuwa litangolowa. Mwanayo ankathamangira nyimbo, koma ng'omazo zinkalira bwino kwambiri moti anthu sanasamale. Bambo wina wa botolo m'manja anandigunda ndi chigongono n'kunena kuti mwaiche uyo ndi woopsa.

Foni inanjenjemera m'thumba. Ndinaona kuti ndi Esinati, ndipo chala chinayankha mutu usanaganize.

"Awisi Dalitso! Nizimvela! Iyee, zilila bwino! Dalitso, bwela umvele ng'oma za awisi wako!"

Ndinamva mapazi a mwana akuthamanga, ndi mpweya wake pa foni. Kelvin anagubuduza ng'oma zonse motsatizana, anthu anakuwa. Kenako foni inabwerera kwa mai wake. Atayankhulanso, chimwemwe chija munalibe.

"Awisi Dalitso. Ngati ng'oma zilila, imwe foni mwaigwila na chinji?"